Nkhono ndi Netiweki

Lolemba

Nkhono yafika! Ndi galimoto yokhala ndi nyumba pamsana, yaitali ngati basi yodya bwino. M'kati muli bedi, chitofu, ndi kachimbudzi koti ukakhala mawondo amagogoda chitseko. Ndaigula kwa mzungu wina wokalamba konkuno ku Manassas. Pondipatsa makiyi walira. Kaya ndi chisoni, kaya ndi chimwemwe, sindinafunse.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyendetsa mabwana: ofesi, Arlington, bwalo la ndege, ofesi. America ndamuonera pa galasi la kumbuyo, mutu wa bwana utatchinga theka. Pano ndapuma pantchito. Lamulungu likubwerali tikunyamuka, ine ndi aNaphiri, mpaka Texas, mpaka kumene msewu ukatopere.

Zokonzeka: matayala, gasi, mapu, wailesi, chipewa chatsopano.

Zosakonzeka: aNaphiri.

Akuti, "Bambo a Chisomo, phazi langa sililowa m'chinthu chimenecho mpaka mundionetse pepala loti shuga wanga akakwera kutchireko, dokotala akandilandira."

Chisomo, mwana wathu, ndi namwino ku Greenbelt. Akuti nthawi yosintha inshuwalansi ya ife okalamba ikutha Loweruka, ndiye andithandize. Ndakana. Sitandade sikisi ya kale si yothandizidwa ndi ana polemba mafomu.

Chimene sindinauze munthu: mwini nyumba ndinamutsanzika mwezi watha. Makiyi tikubweza Lamulungu, ndipo wapeza kale ena olowamo. ANaphiri akuganiza kuti ulendo ukavuta tibwerera pakhomo. Ndiwauza tikadutsa malire.

Lachiwiri

Pa foni ndi mayi wa inshuwalansi. Mphindi makumi anayi, theka lake nyimbo. Mayiyo mawu ake ndi osalala, ngati owerenga uthenga wa maliro pa wailesi.

Akuti njira zilipo ziwiri. Ina yodula, imagwira ntchito paliponse. Ina yotchipa, imene tili nayo kale, imagwira ntchito "mukakhala mu netiweki".

Ndafunsa kawiri. Netiweki basi? Akuti netiweki basi.

Ndadula foni, ndaseka mpaka kutsokomola. Ine amene ndikapita kumudzi ndimakwera pachulu, dzanja m'mwamba, kuti ndiimbe foni, andiopseze ndi netiweki ya ku America? Foni yangayi imagwira ngakhale mu sitima ya pansi pa nthaka. Anthu akulipira zodula chifukwa cha ulesi wokweza dzanja.

Tikhala pa yotchipa yomweyo. Nkhani yatha Lachiwiri. Chisomo anaitenga ngati mayeso.

Lachitatu

Komabe shuga wa aNaphiri si woseweretsa, ndiye ndagula mlongoti wokoka netiweki. Ndakwera makwerero a kumbuyo kwa Nkhono, ndaumanga padenga ndi waya. Kenako kafukufuku, foni m'manja:

m'kachimbudzi, timizere ta netiweki tiwiri
pa mpando wanga, titatu
pa bedi mbali ya aNaphiri, titatu, kena kamabwerabwera
padenga, tinayi, tonse tonenepa

Ndiye kuti shuga akangokwera pang'ono, agone pabedi. Akakwera kwambiri, nawonso akwere.

A Mwale, mnzanga wa ku Lusaka amene amakhala misewu itatu kuchokera pano, andipeza ndili pamwambapo. Akuti, "Mudala, muzagwa. Selukani." Ndawauza kuti ife a ku Dedza tinabadwira paphiri, za kugwa timangozimva kwa alendo.

Lachinayi

Ndaitana aNaphiri, ndawaonetsa mlongoti, ndawawerengera timizere. Andiyang'ana nthawi yaitali. Atenga foni, aimbira Chisomo, aiika patebulo kuti tonse timve. Akuti, "Bwerezani zimene mwanenazo."

Ndabwereza, monyadira.

Kwa Chisomo kwamveka phokoso ngati ketulo. Akuti, "Adadi, dikirani ndikhale pansi."

Netiweki yake si ya foni. Ndi gulu la madokotala ndi zipatala zimene zinagwirizana ndi kampaniyo, ndipo yathuyi imathera konkuno kumpoto kwa Virginia. Kunja kwake akulandira ukafika pa ambulansi. Koma zokapimitsa shuga, maso ndi mapazi a aNaphiri miyezi itatu iliyonse, ayi.

Ndanena kuti ndimadziwa, ndimangoyesa ngati sukulu ya unamwino imaphunzitsadi. Palibe waseka. Choipa cha munthu wanthabwala n'chimenechi: tsiku limene ufuna akhulupirire kuti ukucheza, ndi tsiku limene amadziwa kuti sukucheza.

Ndakwera kukachotsa mlongoti munthu asanauonenso. Potsika, makwerero atatu omaliza ndawadumpha osafuna. Chipatala chandilandira bwino. Matako anga ali mu netiweki.

A Mwale atumiza uthenga: "Bwanji kuphiri?"

Lachisanu

Ndaimbanso, nditakhalira pilo. Tikufuna yodula ija. Mayi yemweyo, mawu omwewo. Akuti imeneyo sangolowa, amayamba afunsa za thupi.

Funso loyamba, timakhala kuti. Ndatchula mudzi, mfumu yaikulu, boma la Dedza, monga tinaphunzirira. Akuti ayi, kumene nyumba yathu ili. Ndati zitengera mafuta. Ndamva akulemba.

Mafunso ena, ndi mayankho anga:

Mtima unakuvutanipo? Eya, kuyambira tsiku limene ndinaona aNaphiri, zaka makumi anayi ndi ziwiri tsopano, sunakhazikikebe.
Mumaiwalaiwala? Pepani, mwafunsa chiyani?
Mumamva mawu a anthu amene simukuwaona? Panopa ndikukumvani inu.
Mwagwapo posachedwapa? Apa ndayankha zoona, ndipo ndi pokhapo pamene mayiyo waseka.

Zina zonsezo walemba. Zonse! Wandiwerengera pomaliza: mtima wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, kuiwala, kugwa dzulo, pokhala posadziwika. Ndati mayi, ndimacheza. Akuti pa fomu palibe malo olemba kuti munthu amacheza. Mapepala apita kwa akuluakulu awo, yankho pakatha milungu ingapo, ndipo tisachoke pa yakale tisanamve.

ANaphiri mafunso awo ayankha mphindi zisanu. Wodwala m'nyumba muno tsopano ndine.

Loweruka

Tsiku lomaliza. Tasainira yotchipa yomweyo, Chisomo ataimirira kumbuyo kwanga ngati woyang'anira mayeso.

ANaphiri apuma mozama, akuti, "Basi, chinthucho chibwezeni, tikhale m'nyumba mwathu ngati anthu."

Ndiye ndawauza za makiyi.

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Apita kuchipinda, ayamba kupinda makatani, limodzilimodzi, mwaulemu, ngati akupinda ine. Patapita ola atuluka, akuti, "Mazenera a chinthu chanucho ndi angati?" Ndati asanu ndi limodzi. Akuti, "Bweretsani sizasi."

Chisomo akuti tikaimike Nkhono pakhomo pake. Tonse tavomera, mpaka mwini wake wakumbukira: Greenbelt ili ku Maryland, osati ku Virginia. Kunja kwa netiweki. Mwana wathu yemwe, wobereka tokha, ali kunja kwa netiweki.

Ndaimbira a Mwale. Ali ndi malo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dimba lawo la chibwabwa. Akuti, "Bwelani mudala. Koma makwelelo nizachosako."

Lamulungu

Tanyamuka, monga ndinalonjeza. Titachoka ku tchalitchi, makiyi kwa mwini nyumba, katundu wotsala m'galaja ya a Mwale, ine chipewa chatsopano, pilo pansi.

ANaphiri akwera okha, osagwiridwa dzanja. Ayang'ana bedi, ayang'ana mpando wa kumbuyo, akhala kutsogolo pambali panga. Zaka makumi atatu, palibe amene ndinamuyendetsa anakhalapo pamenepo. Afunyulula mapu onse a America pamiyendo, Texas ili pa bondo lamanzere.

Akuti, "Pang'onopang'ono, adalaivala. Tingatuluke mu netiweki."

Msewu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Mphindi zinayi. Ndazungulira kawiri kuti zikwane khumi.

Pano tili kuseri kwa a Mwale. Pazenera pali makatani a kuchipinda kwathu, odulidwa pakati, ndipo kunja kukuoneka chibwabwa. ANaphiri apinda mapu, koma sanawataye, awaika pansi pa botolo la mankhwala awo. Akuti tidikire yankho la akuluakulu aja, ndipo a inshuwalansi akaimba, foni ndiwapatse iwo, ine ndikakhale m'kachimbudzi.

Ndili momwemo, kuyeserera. Timizere tiwiri.