Mabulawuza Atatu ndi Kondowole wa ku Kaning'ina

Lolemba

Pakamwa panga pandipachika.

Dzulo ndinali ku Kaning'ina, kwa makolo a Lusungu, amene ndikumanga naye ukwati. Komiti ya ukwatiwo ikumana Loweruka likudzali. Alamu anga a Wanangwa, achimwene ake a Lusungu amene ali ku Joni, akufuna kudzakhala nawo pa msonkhano kudzera pa intaneti, ndipo atumiza kale linki. Adada, bambo ake a Lusungu, akufuna mwana wawo adzaoneke pa tivi yaikulu ya pabalaza, osati pa kafoni. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti: "Kodi alipo amene amazitha za makompyutazi?"

Ine, mphunzitsi wa Jogalafe wochokera ku Dedza, ndinadziguguda pachifuwa. "Zazing'ono zimenezo, adada. Musiyire ine."

Zazing'ono! Laputopu yanga ikatsegula masamba awiri imangoti ndwii, ngati mwana wa Fomu 1 amene wafunsidwa likulu la dziko lachilendo. Anthu akuti vuto ndi bulawuza, kaja timadina pofuna kulowa pa intaneti. Ndiye sabata ino ndisankha yatsopano, mwanzeru, ngati munthu wophunzira. Ikhale yotere:

1. Isamaume pakati pa nkhani.
2. Izisunga chinsinsi.
3. Ikhale yosavuta, yoti ndisamatuluke nayo thukuta pamaso pa anthu.

Yachiwiriyo ndiyo ikundisowetsa mtendere. Tsitsi layamba kuthawa pa liwombo. Mwezi wathawu ndinafufuza za mankhwala a dazi, kamodzi kokha basi, ndipo chiyambire tsamba lililonse limandilonjera ndi chithunzi cha mutu wonyezimira. Ngakhale ndikamawerenga za mpira! Zimenezi zisadzayerekeze kutuluka pa tivi ya apongozi.

Lachiwiri

Kukuzizira, mvula yowaza kuyambira m'mawa. Kuno ku Luwinga aliyense ali m'majuzi.

Ndafunsa mu sitafurumu. Kulakwa koyamba. Aliyense ndi katswiri.

A Nyirenda a Masamu: "Mbale wanga, intaneti imakudziwa kuposa mayi ako. Ika yoteteza chinsinsi. Ine sandiona, chomene!"

Mayi Mhango a Chingerezi: "Bulawuza ndiye chiyaninso? Ine ndimangodina kabuluu, zinthu zimatuluka."

Ndawaseka Mayi Mhango mumtima. Mulungu andikhululukire.

Ndatsitsa zitatu. Mayina ake ndi ovuta pa lilime, ndiye ndizizitchula ndi tizithunzi take. Pali ya kadzidzi, imene a Nyirenda amalumbirira. Pali ya kamba, imene akuti siigwa. Pali ya mphenzi, imene akuti njaliwiro.

Nditangomaliza, nkhondo yayamba. Iliyonse ikufuna kukhala yaikulu m'nyumba. Ndikatsegula iyi: "Mundisankhe ine." Ndikatsegula inayo: "Mwandiiwala?" Ndendende oitanira minibasi pa depoti, wina wagwira chikwama, wina wagwira mkono, iwe usananene n'komwe kumene ukupita.

Kuti pakhale malo, ndafufuta bulawuza yakale ija. Inandifunsa ngati ndatsimikizadi. Ndinayankha mokweza, ndili ndekha m'nyumba: "Pita!"

Lachitatu

Ndalira nayo yakale ija.

Mapasiwedi anga onse amasunga ndi iyo. Ine sindidziwa ngakhale imodzi. Ya imelo, ya tsamba la sukulu lolembapo malikisi, zonse zapita nayo kumanda. Ahedi akufuna malikisi a Fomu 3 lero. Ndayesa dzina la mayi anga, la mudzi wathu, la galu amene tinali naye ndili mwana. Ndayesa dzina la Lusungu, ndipo lakanidwa, zimene sindidzamuuza.

Mapeto ake ndapita kukagogoda ku ofesi. Ahedi sanadikire kuti nditseke chitseko. Afuula kuti sitafurumu yonse imve: "Amene akukonza za makompyuta kwa apongozi aiwala pasiwedi yawo!" Kodi anawauza ndani za apongozi? Ndine ndemwe, dzulo, ndikudzitama.

Mayi Mhango analemba kale malikisi awo. Ndi kabuluu kawo.

Masana ndayesa ya kadzidzi. Chinsinsi imasungadi, ulemu wake. Mitu yonyezimira ija yasowa yonse. Koma yatsekanso tsamba la sukulu, yatseka kanema, yatseka ndi kamera yomwe. Tayesa kuimbirana ndi a Nyirenda, iwo ali m'kalasi ine ndili mu sitafurumu. Akuti: "Ndikukumva koma sindikukuona. Waona? Ikugwira ntchito!"

Ikugwira ntchito bwanji? A Wanangwa akufuna kudzaona mayi awo, osati mdima.

Kadzidzi wagwa mayeso.

Lachinayi

Ya kamba siigwadi. Singagwe chifukwa siyenda. Ndadina linki, ndapita kukaphunzitsa za mitsinje, ndabwerera, kanthu kaja kakuzungulirabe.

Yatsala ya mphenzi. Iyi ndi mtsikana wa m'tauni, mafunso ambirimbiri. Mutsegule imelo yatsopano? Inde. Tikusungireni mapasiwedi? Inde, chonde! Tilumikize foni ndi laputopu? Inde. Inde, inde, inde, sindinawerenge n'komwe, belu linali litalira. Ndaiikanso pa foni. Ikuthamanga bwino, sindinama.

Nditaweruka ndapita ku Kaning'ina kukaona kumbuyo kwa tivi ngati chingwe changa chikwana. Chikukwana. Ndimati nditsanzike, koma amama anali atatenga kale madzi osamba m'manja.

Kondowole.

Apa ndilembe zoona, poti buku lino silinena kwa munthu. Kondowole sindimamutha. Tsiku loyamba kufika pakhomo paja ndinkafuna kukondedwa, ndiye ndinati sindinadyepo chakudya chokoma chotero chibadwire. Amama anasangalala mpaka kuwomba m'manja. Kuyambira pamenepo amabweretsa ufa wa chinangwa kuchokera kwawo ku Nkhata Bay chifukwa cha ine. Ndikafika: "Aphunzitsi abwera, aphikireni chakudya chawo chija." Ndipo ine ndimameza ndikumwetulira. Mbamu imatanuka ngati legeni, imakana kuduka, ikafika m'mimba imakhala pansi n'kumanga nyumba.

Lero andiwonjezera kawiri, ndi batala wootcha pambali. Nsombayo ndiye inali bwino. Ndati: "Yewo chomene, amama, ngati kumwamba."

Pobwerera ndakwera njinga ya kabaza, ija kuno amati sakaramento. Bampu iliyonse ndimamva njerwa ikutembenuka m'mimba. Nditatsika ndakhala pa kalavati, ndatulutsa foni n'kufufuza m'Chingerezi zinthu ziwiri: mmene munthu angakanire chakudya cha apongozi mwaulemu, ndiponso ngati kondowole anaphapo munthu. Ndawonjezera ndi za dazi zija, poti ndinali kale pa ntchito.

Koma ndachenjera tsopano. Zamanyazi zonse ndikufufuzira pa foni. Laputopu ikhale yoyera ngati guwa.

Lachisanu

Zatheka!

Tayesanso ndi a Nyirenda pa ya mphenzi. Nkhope ikuoneka, mawu akumveka, palibe kuuma. A Nyirenda akuti ndagulitsa moyo wanga kwa azungu. Nsanje basi.

Ndasita malaya oyera. Ndapukuta laputopu ndi kansalu. Ndameta tsitsi lonse kuti dazi lioneke ngati ndachita kufuna.

Lusungu pa foni: "Adada auza mpingo wonse kuti mkamwini wawo ndi injiniya. Usandichititse manyazi, wamva?"

Ndamuuza kuti agone tulo.

Loweruka

Sindikufuna kulemba. Ndilemba kuti zichoke m'mutu.

Pabalaza padzaza. Adada pa mpando wawo, magalasi pa mphuno. Amama pafupi ndi khomo la kukhitchini. Azakhali ake a Lusungu ochokera ku Nkhorongo, akulu a mpingo awiri, atcheya a komiti, ndi ena amene sindiwadziwa. Pemphero latha. Adada akuti: "Tsopano injiniya wathu atibweretsere Wanangwa."

Ndagwada patsogolo pa tivi. Ndalowetsa chingwe. Laputopu yaoneka pa tivi yonse, anthu akuti eee! Ndadina mphenzi.

Yatseguka mwaliwiro lake lija. Ndipo pakati penipeni, m'zilembo zazikulu ngati za pa chikwangwani cha maliro, yalemba kuti ndipitirize pamene ndinalekezera pa foni yanga. Pansi pake, mafunso anga atatu a pa kalavati aja. Ndi mmene ndinawalembera, ndi zolakwika zomwe.

Kulumikiza foni ndi laputopu kunali kumeneku.

Ndafuna kutseka. Kakhoswe, kamuvi kolozera kaja, kathawira pakona ya tivi, sindikukapeza. Ndipo adada, amene anagwira ntchito ya ukalaliki moyo wawo wonse, sangaone chilembo osachiwerenga mokweza. Akonza magalasi. Awerenga loyamba, pang'onopang'ono, Chingerezi chomveka bwino ngati cha pa wailesi. Akuganiza kuti ndi mutu wa msonkhano. Awerenga lachiwiri. Pamene afika pa mawu akuti kondowole, mawu awo atsika, koma amaliza, chifukwa sasiya chiganizo panjira.

Amama Chingerezi sachimva bwino. Afunsa kuti pakunenedwa chiyani za kondowole. Ndiye azakhali a ku Nkhorongo, Mulungu awaone, amasulira zonse m'Chitonga, ndi manja omwe.



Mkulu wa mpingo mmodzi wayesa kundipulumutsa: "Mwina ndi mavairasi." Adada ayang'ana funso lachitatu, ayang'ana mutu wanga wometa uja, ndipo akuti: "Ayi, ndi iwowa."

Azakhali aphulika kuseka mpaka kugwira khoma. Ena atsatira. Amama sanaseke. Adzuka, akonza chitenje, alowa kukhitchini. Lusungu wandiyang'ana kamodzi n'kuwatsatira.

Ndazula chingwe. Pobwezeretsa, tivi yakana kuionanso laputopu. A Wanangwa achita kuimba pa foni ya amama, imene atcheya aiyedzamiritsa ku chitini cha shuga. Amvana bwinobwino msonkhano wonse. Ine ndakhala pakona, laputopu pa maondo, osadziwa poika maso.

Nthawi ya chakudya ndanamizira mutu n'kuthawa. Panjira Lusungu watumiza uthenga umodzi: "Amama amakwera nawo basi ufa umene uja. Miyezi yonseyi umawanamiza?"

Ndaimba. Sakuyankha.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni. Ulaliki sindinaumve. Aliyense wotsokomola ndimayesa akundiseka.

Titatuluka ndapita ku Kaning'ina wapansi, kuti ndipeze mawu panjira. Sindinawapeze. Ndawapeza amama kuseri akutsuka mbale. Ndagwada pa simenti yonyowa n'kunena kuti ndinalakwa, ndinkaopa kuti sadzandikonda munthu wa ku Dedza wosadziwa zakudya za kwawo.

Anapitiriza kutsuka kwa kanthawi. Kenako akuti: "Aphunzitsi, mukanangonena. Thumba lija limalemera chomene. Ine msana ukundipweteka chifukwa cha bodza lanu, inu mimba ikukupwetekani chifukwa cha bodza lanu lomwelo. Tapindula chiyani?" Akuti ndidzuke, buluku linyowa.

Pa tebulo onse alandira kondowole. Ine ndekha kambale ka mpunga, patali pang'ono, ngati wodwala. Ndadya ndi manyazi, koma ndadya wonse. Azakhali asiya kabotolo ka mafuta a nsatsi, akuti ndizipaka pa liwombo m'mawa ndi madzulo. Lusungu wayambanso kundilankhula, kungoti akandiyang'ana amabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Za bulawuza ndazisiya. Zitatu zonse zilipo, zikulimbanabe, ndipo ndikadina linki imatseguka imene yafulumira. Zikhale choncho.

Potsanzika adada andiperekeza mpaka pa geti, Lusungu akutitsatira kumbuyo uku akusekabe. Adada andigwira paphewa. Ndimayesa ayamba kundidzudzula. Koma akuti: "Chinthu chanu chija ndachikonda. N'chachilungamo, sichibisa kanthu. Mubwere mkati mwa sabata mudzachiike pa mafoni a ana onse a pakhomo pano, muchilumikize ku tivi. Muyambire ya Lusungu."

Lusungu wasiya kuseka.