Choko cha Makaka

Lolemba

Choko chatha! Ahedi akuti, “Dikirani boma, aphunzitsi.” Koma oyendera sukulu akubwera Lachisanu, ndipo kukwezedwa kwanga, kumene ndadikira mpaka imvi, kuli m'manja mwawo. Ndilembe ndi chala?

Ndakumbukira mzungu wa ku Swideni amene ankakonza mjigo ku Mbulumbuzi. Ankati kwawo choko amachitcha krita, ati dzinalo linachokera ku chilumba china cha dothi loyera. Dothi basi! Nanga ife tilibe dothi? Mawa ndikukumba.

Lachiwiri

Kudambo ndi khasu. Zimene ndabwera nazo: dothi loyera ndowa yodzaza, minga kuphazi, buluku long'ambika, ndi chipongwe cha amayi otsuka mbale: “Aphunzitsi ayamba kuumba miphika!” Aseke. Ndapanga timichoko ngati zala, ndayanika pafupi ndi moto.

Lachitatu

Timichoko tanga palibe! Mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, ndi woyembekezera. Ndikumupeza milomo ili mbuu. “Alamu, dothi lokoma chonchi mwalipeza kuti?” Wadya masamu a sabata yonse! Ndipo akazi anga akuti ndisakalipe, mwana angabadwe wokwiya.

Lachinayi

Lero ndapita kukalasi ndi makaka, chinangwa chouma. Malemu aphunzitsi anga ankalembera chimenechi, zilembo zozungulira ngati mazira. Ndikulemba pabolodi, misozi ili pafupi. Makaka amalemba bwino ndithu.

Ndatuluka pang'ono, ndabwerera, patebulo pali fumbi lokha. Kalasi yonse ikutafuna. Akuba! Ndanyamula ndodo, kenako ndayang'ana timimba tawo. Ndi Febuluwale, m'nkhokwe mulibe kanthu. Ndodo ndaibweza, koma mkwiyo sunachoke.

Lachisanu

Oyendera afika. Ahedi akutsegula kabati, akutulutsa bokosi lodzaza choko! Lodzaza! “Bwana aone kuti tili nacho,” akundinong'oneza. Munthu woipa mtima!

Chokocho chakhalitsa m'chinyezi. Ndikulemba, chikuthyoka. China, chikungosiya mzere wotuwa. Ndatulutsa kachidutswa ka makaka kamene ndinasunga m'thumba. Nsonga yake ndi yobuntha, ndiye ndaluma pang'ono kuti isongoke. Pomwepo bwana akweza maso.

“Mphunzitsi wodya pamaso pa ana,” akuuza ahedi potuluka, “sangakwezedwe.”

Loweruka

Ahedi anditumizira uthenga kuti ndibweze zidutswa za choko, ati ndi katundu wa boma. Ndazikulunga m'tsamba la nthochi. Adye!

Lamulungu

Mkwiyo wandilemetsa, ndausiya kutchalitchi. Anzanga amene ndinayamba nawo ntchito akuyendera masukulu pa njinga zamoto. Ine ndikalamba ndi bolodi lomweli, ndipo mwina ndalizolowera.

Akazi anga aphika makaka ndi nandolo. Ndawapempha kuti ouma andisungire milu iwiri. Wina ndi wolembera. Winawo ndiusiya patebulo mawa, kenako ndituluke pang'ono.