Tsiku Limene Ndinaphika Dzuwa

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma poti ngakhale akabaza a pa Nkaya akuidziwa, bola muimve kwa mwiniwake.

Mwana wanga Halima ali ku koleji, ndipo ndiye amatsogolera anzake oyenda m'masukulu kuphunzitsa sayansi. Ulendo uno anabwerera ana osaona a pasukulu yathu. Atafika anasiya dengu pakhonde, n'kuthamangira kwa ahedi.

Ndisuzumire: dzungu lalikulu, papaya, malalanje, mandimu. Alihamudulila, mwana wakumbuka kwawo! Dengu la mwana likafika pakhomo ndi la amayi ake, aliyense amadziwa.

Tsono ine sindiiwala amene anandichitira zabwino. Abiti Saidi anandipatsa nandolo pa maliro a bambo ake Halima, ndinawatumizira papaya. Alamu anga anandifolerera khitchini, malalanje. Dzungu ndinaphikira alendo anga, Halima ndi anzakewo.

M'mawa Halima akuti, “Amayi, dengu lija?”

“Ndagawa.”

“Mwagawa?!”

“Iwe, usandikwezere mawu.”

“Amayi, amenewo ndi mapulaneti! Ana aja saona zithunzi, amayenera kugwira ndi manja. Papaya ndi Jupita!”

“Nanga dzungu?”

“Dzuwa!”

“Dzuwalo munadya dzulo. Iwe unawonjezeranso.”

Sanaseke. Alekichala ake anali kale m'njira kudzaona ngati pulogalamuyo ipitirire kapena ithere pomwepo.

Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, msinkhu wanga uno, miyendo yotupa, kulanda mphatso.

“Iii, amake Halima, zopatsa zayamba kubwerera?” anatero abiti Saidi, akundipatsa Jupita wodula kale pakati. Kwa alamu ndinachita kutsomphola lalanje m'manja mwa mwana.

Dzungu lokha silinapezeke, ngakhale pamsika. Halima anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Amayi, imani pakati apa.”

“Iyayi!”

“Imani.”

Ndinaima pagalaundi masana onse, ana atanyamula zipatso akundizungulira, aliyense kuyamba wandigwira kaye kuti adziwe pamene pali dzuwa.

“Madamu, dzuwa lavala chitenje!” anakuwa kamtsikana kena.

“Likutulukanso thukuta!”

Alekichala anaomba m'manja mpaka magalasi kugwa. Akuti pulogalamu ipitirire, ndipo sabata yamawa ikachitike ku Balaka, ndi dzuwa lomweli.

Masiku ano mwana wa sukulu akabwera ndi dengu, ndimayamba ndafunsa ngati ndi zakudya kapena ndi zakumwamba.