Masipika a bambo a Tadala

Lolemba, 13 Okutobala 2014

Ndikulemba mu tekisi, Tadala ali pamiyendo, zilembo zikungokhota.

Bambo a Tadala akufuna masipika. Aakulu, a paukwati. Ati atopa ndi ulonda wa ku Sandton, azibwereketsa pa zinkhoswe za anthu akwathu kuno ku Joni, ku Orange Farm. Ndalama zake ziti? Za chipereganyu changa! Zomwe ndasungira basi ya Disembala kuti amayi ku Ntcheu amuone mwanayu. Miyezi isanu ndi inayi, agogo ake sanamunyamulepo.

Tagwirizana: theka masipika, theka ulendo. Koma wogula ndine. Iwo ayi! Munthu woti anagula foni m'tauni, kufika kunyumba kutsegula bokosi, muli sopo. Tinachapira masabata awiri.

Ati zotchipa zili pa okushoni ya pa intaneti. Ine okushoni ndimadziwa ya fodya. Madamu amene ndimawagwirira ntchito ku Rosebank andionetsa pa foni yanga. Munthu amaika chithunzi, ogula n'kumakwezerana mtengo. Nthawi ikatha, wokweza kwambiri watenga, ndipo kulipira ndi lamulo. Andilembetsa ndi dzina la galu wawo, Bisiketi. Ati dzina lenileni suika.

Mulungu, ndisabedwe.

Lachiwiri

Madamu andiuza zizindikiro za wakuba. Pepala ndinalibe pafupi, ndalemba kuseri kwa khadi la kusikelo la Tadala:

1. Mtengo wotsika ngati wa tomato.
2. Chithunzi chokongola kwambiri. Anachiba kwina.
3. Wonena kuti "ndili kunja, tumizani kaye ndalama."
4. Palibe amene anagulako kwa iye n'kumuyamikira.
5. Wina akumangokweza mtengo pang'onopang'ono. Ameneyo ndi mnzake wa wogulitsa. Thawa!

Lero lokha ndagwira atatu! Woyamba ati ndi msilikali, masipika ali pa sitima ya pamadzi. Wachiwiri ati ali ku Soweto, koma pazenera la m'chithunzi pakugwa sinowo ngati kumayiko ozizira. Wachitatu wandilembera kuti "my sweet Bisiketi." Eish! Akufunsira galu.

Ndikumva ngati wapolisi. Mpaka phala la Tadala lapserera.

Lachitatu

Ndawapeza! Masipika awiri akuda, otalika kufika m'chiuno. Chithunzi chonyansa bwino: chamdima, pambali pali patapata, mchira wa mphaka ukuoneka. Wakuba sangajambule zotero. Wogulitsa ndi madala ena achizungu a konkuno ku Rosebank. Owayamikira ndi ambiri.

Madamu ati, "Auze aike supuni pamwamba, ajambulenso. Ngati katundu alibe, supuni aika pati?" Ndatero. Patapita ola chithunzi chabwera. Supuni ilipo! Awonjezerapo ndi foloko.

Ndaika mtengo wanga. Zitha Lachisanu 5 koloko.

Bambo a Tadala sindiwauza. Akamva lero, mawa Orange Farm yonse yamva. Afunsa, "Zikuyenda, mayi a Tadala?" Ine, "Ndikufufuzabe." Iwo, "Musafulumire." Iwo kunena musafulumire? Kaya akudwala.

Lachinayi

Mayo ine! Chizindikiro nambala 5 chija chafika!

Dzina lake Sajeni55. Ndikaika, akweza. Ndikakweza, akweza. Pang'onopang'ono ngati nkhuku yotola mapira. Amabwera 10 koloko, 1 koloko, 3 koloko. Wakuba wosunga nthawi!

Nanga madala a supuni aja nawonso ndi tsotsi? Kapena Sajeniyu ndi mdzukulu wawo?

Madamu ati, "Siya." Ndati, "Yes, Madamu." Ndalowa mochapira zovala, ndakweza. Ndikudziwa, ndinalemba ndekha kuti thawa. Koma masipika ndapeza ine, supuni ndaikitsa ine, wina angobwera n'kutenga? Chala chikungodina chokha.

Theka lija ladutsa. Ndayamba kudya za ulendo. M'mawa ndalama yotsala imatifikitsa ku Ntcheu. Masana pa Tete. Panopa tikutsikira ku Harare, mwana kumsana.

Kunyumba bambo a Tadala sakudya. Angoyang'ana foni n'kumapukusa mutu. "Anthu ena ndi ouma mtima," akutero. Ine, "Zoona zenizeni." Tapumira limodzi m'mwamba.

Lachisanu

4 koloko. Tili pa Beitbridge, pongolowera mu Zimbabwe. Ndasita malaya amodzi kawiri.

4:30. Ndayang'ana Tadala akuyamwa chala pa mkeka wa Bisiketi. Ndakumbukira mawu a amayi pa foni: "Kodi ndidzafa ndisanamuone?" Ndaika foni mu basiketi ya zovala, ndakhalapo.

5 koloko. Sajeni55 watenga.

Ndalira pang'ono. Kenako ndawerenga bwino m'mutu: ndaluza, ndiye kuti sindilipira kanthu! Ndalama yonse ilipo! Wakuba wagula katundu wake yemwe! Ntcheu yabwerera! Ndavina ndi mopu. Galu ndamupatsa soseji.

Madzulo ndifika kunyumba, pakununkhira nkhuku. Nkhuku, pakati pa mwezi? Bambo a Tadala avala jekete la kutchalitchi.

"Khalani pansi, mayi a Tadala. Anzanga kuntchito amandiseka kuti mkazi ndiye akundigulira. Ndiye pa nthawi ya tiyi ndimalowa ndekha pa okushoni. Lero ndamugonjetsa mzungu wina wamakani. Dzina lake Bisiketi. Ameneyo sadzandiiwala!"

Mpando ndauphonya. Ndakhala pansi penipeni.

Ati, "Mwaona, chimwemwe chakugwetsani." Nkhuku ndadya, koma sinadutse bwino.

Loweruka

Tabwereka galimoto ya baki ya a Phiri, oyandikana nafe. Ndalama ili mu thewera loyera, pansi pa chikwama. Njira yonse bambo a Tadala akufotokozera a Phiri nkhondo yawo. Bisiketi tsopano ndi bwana wa mgodi, wamimba, wagalimoto zitatu. Ine maso pazenera.

Madala aja si akuba. Atipatsa tiyi. Ati chibadwire sanaone anthu awiri akulimbirana katundu wakale chotere, mkazi wawo anaganiza kuti kompyuta yawonongeka. Alumikiza masipika ku kabokosi kasiliva, nyimbo phuu! Mawindo kunjenjemera. Tadala kuwomba m'manja. Bambo ake misozi.

Kenako azula mawaya, kabokosi abwezera pa shelefu. Ati kabokosiko ndi ampu, ndipo sakugulitsa, analemba pansi pa chithunzi. Popanda ampu sipika silira. Ine ndimayang'ana supuni. Bambo a Tadala amayang'ana Bisiketi. Palibe amene anawerenga.

Tikukweza katundu pa baki, uyo Madamu akudutsa ndi galu. Galu wandiona, wathamanga. Madamu kukuwa, "Bisiketi! Bisiketi, bwera kuno!"

Bambo a Tadala ayang'ana galu. Ayang'ana ine. Ayang'ananso galu.

"Ndimalimbana ndi uyu?"

"Ayi, bambo a Tadala. Uyu anangobwereketsa dzina."

A Phiri aseka mpaka kugona pa boneti. Pobwerera aimitsa galimoto kawiri kuti amalize kuseka. Nkhaniyi ikafika ku Ntcheu ife tisanafike.

Lamulungu

Masipika ali m'nyumba. Chitseko sichikutseguka chonse. Ali chete ngati alendo odzafunsira mbeta. Imodzi taikapo mbale. Inayo bambo a Tadala akuipukuta ndi mpango wanga wa kutchalitchi.

Ndalama yotsala ikutifikitsa pa Musina. Malire tingowaona ndi maso. Disembala wapita. Chipereganyu chidzandipezanso Epulo.

Kutchalitchi amayi ena andipatsa moni, "Mwadzuka bwanji a Bisiketi?" A Phiri sachedwa.

Sitinakangane. Tikangane bwanji? Ndikati ndiyambe, akuti, "Inu munakweza kangati?" Akati ayambe, ndikuti, "Sajeni, khalani pansi." Basi timangoseka, kenako timasiya.

Masana Tadala wakwawa, wagwira sipika, wadzikoka, waima! Koyamba! Miyendo gwedegwede koma waima. Ndajambula msanga, ndatumiza pa foni ya achimwene kuti akawaonetse amayi. Yankho labwera: "Mwana wakula, Ambuye atamandike. Makabatiwo ndi okongola, koma zitseko zake zili kuti?"

Khadi la kusikelo latsala ndi kampata kamodzi pansi. Ndalembapo:

6. Usanasake wakuba pa intaneti, yamba waona foni ya amene ukugona naye.