Chithumwa cha mu Injini

Nkhani iyi mkazi wanga Esinati amakonda kuikamba pagulu, ndipo amaithira mchere wambiri. Bola ndiikambe ndekha, manyazi ake andigwire kamodzi n'kutheratu.

Zinali zaka zija matipate atangolowa kumene, aliyense atasanduka wabizinesi. Ine ndinkagula nandolo pa Migowi n'kumakagulitsa ku Limbe, ndipo chaka chimenecho nandolo anandikonda. Munthu wanzeru akanagula pikapu. Ine ndinagula sports car.

Ndinaigula kwa mzungu wina wa kuminda ya tiyi ku Mulanje amene ankabwerera kwawo. Yofiira psuu, yopanda denga, mipando iwiri yokha, yotsika moti mimba yake inkapesa udzu wa pakati pa msewu. Injini inali kumbuyo. Galimotoyo inali yakale kuposa ine, koma mzunguyo anati ndi "classic", ndipo mawu amenewo anandikomera moti sindinafunsenso zina. Tsiku limenelo ndinazungulira msika wa Migowi mpaka petulo kutha.

Sabata isanathe inayamba kuonetsa khalidwe lake. Chitseko cha dalaivala chinakana kutseguka, ndiye ndinkachita kudumphira. Batire inkagona tulo nthawi iliyonse imene yafuna. Loko wa chivundikiro cha injini anathyoka, ndipo ndinangochimanga ndi mphira, uja timamangira katundu pa kaliyala ya njinga. Koma ine osadandaula. Ndinagula masipanala, n'kuyamba kulankhula za mapulagi ndi kabuleta ngati ndinabadwira m'galaja.

Musaganize kuti galimotoyi ndinaigulira chibwana chokha. Ndinali mkamwini kwa Nkhulambe. Nyumba ya malata ndinali nditamanga kale pa Migowi, koma Esinati ndi mwana wathu Chifundo anali akadali kwawo, ine n'kumangoyendera. Ndinkafuna chitengwa, kuti ndimutenge mkazi wanga tikakhale m'nyumba yathu. Ndinali nditatopa ndi kugona ndekha, ndipo zinkandiwawa. Mawu omaliza anali ndi amalume ake, a Namakhwa, bambo wosaseka wamba, amene nthawi zonse ankangoyankha kuti "tiona."

Tsono atavomera kuti Loweruka lina ndiwatenge akaione nyumbayo ndi maso awo, ndinadziwa kuti zatheka. Munthu akwere classic, aone malata, n'kunenanso kuti tiona?

Ndinagona kwa Nkhulambe komweko Lachisanu, ndipo m'mawa wa tsikulo ndinavala suti. A Namakhwa anakhala pampando, mawondo ali kuchibwano, chipewa atachigwira ndi manja awiri. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Apongozi anga aakazi, mayi ake a Esinati, anaima patali kuseri kwa nkhokwe, poti mwa mwambo ine ndi iwo sitiyandikana kapena kulankhulana maso ndi maso. Ndinawaona akunong'oneza kanthu kwa mwana wawo, ndipo Esinati anabwera chothamanga.

"Bambo a Chifundo, amayi akuti..."

"Undiuza madzulo," ndinatero, uku ndikuponda moto kuti anthu amve kulira kwa injini. Tinanyamuka ana akutithamangira m'fumbi.

Poyamba zinayenda bwino kwambiri. Mphepo kumaso, phiri la Michesi patsogolo, anthu a njinga akupatukira m'tchire. Ine ndinkangomva kukoma. Kenako kumbuyo kwathu kunayamba kaphokoso: tcha, tcha-tcha, tcha.

"Akamwini, icho n'chiyani?"

"Palibe vuto, amalume. Ndi tayala chabe."

Ndinaima, ndinadumpha, n'kumanga manati a matayala onse, ngakhale anali olimba kale. Tinanyamukanso. Phokoso lija linabwerera litaitana anzake. Tsopano linkamveka ngati matalala pa malata.

"Tayala lija lakwiya," anatero a Namakhwa.

"Ayi, apa ndazindikira. Ndi ekizozi."

Ndinavula jekete, ndinayala pansi, n'kukwawira kunsi kwa galimoto. Ekizozi inandiotcha pamkono, koma ndinaluma mano, poti makaniko salira pamaso pa amalume a mkazi wake. Ndinaikulunga ndi waya n'kutuluka ndili mbuu.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinatsegule injini. Kunena zoona, injiniyo ndinkaiopa. Mayina a zitsulo ndinkawadziwa onse, koma kuti dzina ili ndi la chitsulo chiti, apo ndiye panali pamdima. Ndinkapemphera kuti vuto likhale kwina kulikonse, kupatula pansi pa mphira uja.

Titayamba kukwera chitunda, a Namakhwa anayamba kununkhiza uku ndi uku.

"Akamwini, kodi muno simukununkhira mtedza wokazinga?"

Ndinaseka kaseko ka munthu wodziwa zinthu. "Imeneyo ndi klatchi, amalume. Klatchi ya classic ikatentha imanunkhira choncho."

"Oho. Azunguwa ali ndi nzeru. Mpaka njala yandigwira."

Sitinapite patali. Pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu, pamene amayi amagulitsa nthochi ndi chinangwa, kumbuyo kunamveka phwaa! Nyale yofiira inayaka, utsi unatiphimba, ndipo galimoto inatsokomola kawiri n'kufa. A Namakhwa anatuluka modumpha chitseko ngati mnyamata, chonsecho chitseko cha mbali yawo chinali chabwinobwino.

Posakhalitsa msika wonse unatizungulira. Panalibenso kothawira. Ndinamasula mphira uja, n'kutukula chivundikiro.

Utsi utachepa, ndinaona lamba wa injini ataduka. Pambali pake panali chinthu chimene ngakhale ine ndinadziwa kuti si cha mzungu: kansalu kakuda, kopserera, komangidwa mfundo yolimba. Mu injini monse munali timibulu takuda, tambirimbiri, ngati mikanda.

Mayi wina anakoka mwana wake n'kubwerera m'mbuyo.

"Chithumwa," wina ananong'ona.

Mukudziwa, m'malo mochita mantha okha, ndinamvanso kukoma. Vuto silinali galimoto yanga. Vuto silinali umakaniko wanga. Ndinalodzedwa! Ndinatola kamtengo, ndinakola kansaluko, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Mwaona, abale anga? Munthu ukangotukuka pang'ono, basi anthu tulo osagona. Galimoto iyi yayenda zaka zonsezi kwa azungu popanda vuto. Yagona usiku umodzi wokha kwa Nkhulambe, lero izi."

"Akamwini," anatero a Namakhwa chapansipansi.

"Ayi amalume, ndilekeni ndinene. N'chifukwa chake ndikufuna mkazi wanga achoke m'mudzi muja. Muli nsanje. Amene waika ichi ndi mfiti yotheratu, mfiti yopanda ndi manyazi omwe. Ndipo ndikaidziwa, idzaona chimene chinameta nkhanga mpala!"

Anthu ena anavomereza ndi mitu. Ine ndinamva ngati ndili pa msonkhano wa chipani, moti ndinabwerezanso mawu akuti mfiti, mokweza, kuti a kumbuyo amve.

A Namakhwa anasendera pafupi. Anawerama, anatola kam'bulu kamodzi mu injini muja, anakapukuta pa malaya, n'kukaponya m'kamwa. Gulu lonse linati haa. Anatafuna pang'onopang'ono. Anatolanso kena.

"Uyu ndi mtedza," anatero. "Wapsa bwino. Koma uyu," anandipatsa m'manja, "mumudziwa ndinu, poti ndiye ntchito yanu."

Ndinayang'ana. Nandolo. Ine, munthu wogona ndi kudzuka pa matumba a nandolo, ndinali nditamumva akulira mtunda wonse uja n'kumati ndi ekizozi.

Kenako anachotsa kansalu kaja pa kamtengo, n'kukatambasula. Pakona pamene moto sunafike panaoneka maluwa achikasu. Chitenje chimenecho ndinachigula ndine ku Limbe, n'kuchitumiza kwa apongozi anga pa Khirisimasi.

"Mlongo wanga anadzuka m'mamawa," anatero a Namakhwa, mawu ali phee. "Anati mkamwini wanga amakhala yekha ku Migowi, alibe womuphikira, ndimumangireko kandiwo ndi kamtedza. Kukupatsani m'manja sangathe, mwambo mukuudziwa. Anazungulira galimoto yanu kufuna poika. Anaona mphira. Kwathu kuno pamene pali mphira ndi pamene pamakhala katundu."

"Koma amalume, zitsulo zonsezi sanazione?"

"Anaziona. Anati ndi katundu wanu wa bizinesi, ndipo anaika pambali kuti asakusokonezereni."

Anatembenukira ku gulu n'kunena mawu angapo m'Chilomwe. Sindinamve onse, koma amayi a nthochi anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ena anayamba kutola mtedza mu injini yanga n'kumadya.

Ndinayesa kukonza zinthu. "Amalume, mawu aja ndimanena mfiti zina, za m'midzi ina..."

"Ayi, munanena bwino, ndipo tonse tamva. Mfitiyo ine ndinayamwa nayo bere limodzi."

Anavala chipewa chawo, n'kuimitsa bambo wina amene ankapalasa njinga kulowera kwa Nkhulambe. Atakhala pa kaliyala, ndinathamangira n'kugwada pafumbi, suti ndi suti yomwe.

"Nanga nyumba ija, amalume? Nanga za chitengwa?"

Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni m'banja lawo, ndinawaona a Namakhwa akumwetulira.

"Akamwini, ife timakukondani. Mwana wa mfiti m'nyumba ya malata? Angakulodzereni malatawo. Musiyeni, tikusungirani konkuno."

Chaka chimenecho munda wa apongozi ndinaulima ndekha, kuyambira m'mphepete mpaka m'mphepete, ndisanayerekeze kutchulanso za chitengwa.

Phunziro lake: usanatchule mfiti pagulu, yamba wafunsa kuti amene waima pambali pakoyo ndi mlongo wa ndani.