Tsiku Limene Ndinakoka Njinga Zisanu ndi Zinayi

Amene akukayika anyamuke pompano, pampandopo pakhale wina, chifukwa ine Lemani Mbewe sindinanamepo chiyambire kusenza matumba ku Southerton, ndipo sindingayambe lero nditapuma pantchito. Inu a muno mu Warren Park mumangondiona ndikutsimphina popita kukakwera kombi, ndiye mumayesa ndinabadwa nkhalamba.

Tinali azibambo khumi a mpingo wathu, pa ulendo wa panjinga umene tinaukonzekera chaka chathunthu. Tinkaperekeza bambo Zuze, mnzathu amene anathawa nkhondo ali mnyamata, kuti akaone kwawo kufupi ndi Changara, ku Tete. Tsiku lachiwiri m'mawa, tili ku Mutoko, foni yawo inalira. Mayi awo afooka, ngakhale madzi akukana, akungotchula dzina la mwana wawo. Bambo Zuze anangokhala pansi m'mbali mwa msewu. Enafe matako anali atatupa, ndipo kutsogolo kunali chitunda choti ngakhale khwangwala amachikwera wapansi.

"Mudhara Mbewe, mkulu wanga, sindiwapeza amoyo," anatero bambo Zuze.

"Mangani njinga zanu kumbuyo kwa yanga," ndinawayankha.

Tinalumikiza malamba, aliyense dzanja lina pa handulo lina litagwira thalauza kuti lisagwe, ndipo nditapalasa kamodzi phula linakwinyika ngati mkeka, kachiwiri tinapitirira basi ya ku Blantyre kondakitala akukuwa kuti nayonso ndiikokeko, kachitatu chithunzithunzi changa chinatsalira m'mbuyo, chinadzatipeza mawa lake chili wefuwefu. Mukumva? Tayala lakumbuyo linaphulika ndi kutentha, ine osaima, ndinangowerama n'kutola nsato imene inkaoloka msewu, n'kuikulunga pa limu, n'kuilumitsa mchira wake womwe, ndipo ikayamba kuphwa ndinkangoinyoza kuti ndi nyongolotsi, iyo n'kufufuma ndi mkwiyo. Thukuta langa linadzaza ngalande, moti amayi a ku Kotwa mpaka lero amakapala mchere pamenepo. Pa chipata cha Nyamapanda sitinatsike, tinangoponya mapasipoti m'mwamba, mkulu wa pamenepo n'kuwadinda ali m'malere, chidindo chimodzi n'kuphonya n'kutera pamsana pa dikoni wathu. Mukawapempha mwaulemu akuvulirani malaya.

Titaoloka malire dzuwa linafuna kulowa. Ndinaliyang'ana kamodzi, linadikira.

Tinawapeza mayiwo atagona pakhonde, ataonda ngati bango. Bambo Zuze anagwada. Gogoyo anawasisita kumaso nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe, wakalamba bwanji." Atatero anapempha madzi. Anakhalanso ndi moyo mpaka anadya chimanga chachiwisi cha chaka chotsatira. Apa pokha sindikuthirapo mchere, ndipo ndinalira pamaso pa anthu.

Tsono mayi a kunyumba kwanga akubwera apowa, ndikudziwa, akuonetsani chithunzi cha pafoni cha ulendo womwewo: ine nditagona chagada pamwamba pa lole ya makala, kukamwa kuli yasa, njinga ili pambali, anzanga akundikupiza ndi zipewa. Sindikukana, ndine ndithu. Koma inu muwafunse funso limodzi lokha. Loleyo inali itatha dizilo kalekale. Akuganiza kuti inkayenda ndi miyendo ya ndani?