Mpunga wa Munthu Wopanda Keyala

Lolemba

Ndatsimikiza mtima. Sabata ino isathe ndisanathokoze anthu amene andipatsa chinthu chawo.

Ndilembe chiyambi chake kuti ndisadzisokoneze. Laputopu anandisiyira mwana wanga popita ku Joni. Imakhala pambali pa makina osokera, pakhonde panga pano pa Benga, kuti azimayi azisankhirapo masitayilo a madiresi. Itayamba kuvuta, a Kandulu, amene amabena nyimbo ndi mafilimu m'shopu yoyandikana nane, anaikamo pulogalamu yawo. Posakhalitsa nkhope ya laputopu inada bii, pakona n'kumatuluka timawu ta Chingerezi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndinkayesa ndi moni.

Alamu anga a Mariamu, ang'ono awo a mayi a kunyumba, amagwira ntchito ya kompyuta kuchipatala. Atawerenga timawuto anaseka mpaka kugwira chipilala. "Alamu, akuti chimene mukugwiritsa ntchitochi n'chakuba." Ine amene ndimabweza ngakhale kansanza kotsala kwa mwini nsalu. Chakuba chakhala pakhonde panga miyezi, chikudziulula chokha kwa aliyense wodziwa kuwerenga. Aphunzitsi angati abwera kudzayezetsa pamenepa?

Dzulo a Mariamu afufuta zonse, aikamo ina. Akuti iyi eni ake amagawa dala. Aliyense atenge, akopere mnzake, aitsegule m'kati aone mmene anailumikizira, akafuna asinthe. Ndafunsa katatu ngati si msampha. Akuti ayi.

Telala kupereka diresi mwaulere zimachitika. Koma kupereka ndi pepala lodulira lomwe, kuti mnzako akasoke lake? Amenewo ndi anthu a mtima wina.

Chotere sungalandire n'kungopukuta pakamwa. Kuba ndasiya, koma kusayamika n'kumodzimodzi.

Zofunika:
ndowa imodzi ya mpunga wa kilombero wa chaka chino, wosankha, wopanda kamwala
thumba latsopano
kalata
dzina la mwini wake ndi keyala

Lachiwiri

Mayi a kunyumba alola mpunga, koma ayamba afunsa: "Maliro ali kwa yani?" Ndafotokoza zonse. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako apita kukatenga lichero.

Thumba ndasoka. Khaki wanga, osati wa kasitomala. Msoko wapawiri. Kutsogolo ndasokerera kansalu koyera kolembapo keyala.

Masana ndapeza kuti a Mariamu anaikamonso bawo. Bawo yeniyeni, mizere inayi, nkhomo zake zokwanira, nyumba ili pamalo pake. Ndasewera kasanu. Yandidya kasanu. Ine amene pansi pa mango kumsika anthu amati akandiona amakumbukira kuti ali ndi zochita.

Chondisangalatsa ndi khalidwe lake. Simenyetsa nkhomo, sikutchula dzina la kwanu, siitana odutsa kuti adzaone. Imadya, n'kudikira. Ulemu wotere pa bawo sindinauonepo.

Pali kanthu kamodzi ndakaona m'kaseweredwe kake. Muno sindikalemba. Munthu akakupatsa malaya suyamba n'kumuuza kuti batani lapendama. Ndakalemba kumapeto kwa kope la miyezo, kuti ndingodziwa ndekha.

A Kandulu asuzumira. "Chaulere chinayamba chakhalapo? Dikirani, abwera kudzanyamula makina osokerawo." N'zabodza, ndikudziwa. Komabe makina ndawakankhira m'kati pang'ono.

Lachitatu

A Mariamu atsika kabaza poweruka. Ndatulutsa cholembera kuti andiuze dzina.

"Dzina liti, alamu? Si munthu mmodzi. Ndi khamu, m'maiko osiyanasiyana, ambiri sanaonanepo n'komwe. Wina kolala, wina mkono, wina amangoyang'ana ngati zagwirana."

Anthu osadziwana kusoka malaya amodzi, n'kukwana! Ife kuno atelala atatu tinalephera kugwirizana za mtundu wa ulusi pa mayunifolomu a kwaya.

Koma ndowa ndi imodzi. Kuigawa kwa khamu ndiye kuti aliyense kambewu kamodzi, enanso kusowa. Kumeneko n'kunyoza.

Ndachepetsa. Mpunga upite kwa amene anapanga bawo. Ameneyo akuti ndi mmodzi. Afufuza pa foni, apeza dzina. Si dzina. Ndi mawu achilendo okhala ndi manambala awiri kumapeto, ngati nambala ya njinga yamoto. Mfunda palibe. Mwamuna kapena mkazi, sizikudziwika.

Kalata ndaiyamba katatu:
Okondedwa Bambo
Okondedwa Mayi
Kwa inu amene mukudzidziwa
Yachitatuyi ikumveka ngati ndikumuopseza.

Pa wailesi ya a Kandulu akuti kwabwera makompyuta olemba okha makalata ndi kujambula zithunzi. A Kandulu akuti posachedwa azisokanso, atelala tikagwire ntchito ya nzimbe ku Dwangwa. Makina amasoka kale. Koma wodziwa kuti mayi wanenepa ndipo sakufuna kuuzidwa, n'kumuwonjezera nsalu mwakachetechete, ndine.

A Kandulu si munthu woipa, ndipo manja awo ndi achangu zedi. Nyimbo zana amazithira m'foni ine ndisanamalize mpendero umodzi. Koma pali woimba wina wa konkuno, nyimbo zake zili m'foni iliyonse kuyambira pano mpaka ku boma, ndipo jekete lake ndaligamba kawiri pa chigongono chomwecho. Iye sanagawe. Anangomutengera. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo ndakumvetsa mochedwa.

Bawo: yandidya kanayi, ndaidya kamodzi. Kamodziko sinakwiye.

Lachinayi

Ndakwera minibasi ya ku boma, thumba pamiyendo. Kondakitala akuti liyende kumbuyo ndi katundu wina. Ndakana. Akuti ndiye nditsike. Layenda kumbuyo.

Ku ofesi yotumiza katundu kuli mayi waulemu, wa magalasi. Ayamikira msoko. Afunsa keyala. Ndapereka kapepala kamene anandilembera a Mariamu, kokhala ndi timadontho ndi timizere topendama.

"Bambo, iyi ndi keyala ya pa intaneti. Kulibe khomo kumeneku."

Ndafunsa ngati sangautumize kufupi, iye akautengere. Afunsa kuti dziko lake ndi liti. Sindikudziwa. Akuti ngakhale ndikadalidziwa, chakudya sichituluka m'dziko popanda mapepala a zaulimi. Akuti mwina munthuyo ali ku Lilongwe, m'dziko mommuno, mwina kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Anandiuza mofatsa, ngati akuuza wodwala.

Ndikudabwa nazo. Ife tikapereka nkhuku kwa mlendo timafuna mudzi wonse umve kulira kwake. Uyu wapereka ntchito ya miyezi, mwina zaka, n'kubisa pakhomo pake.

Pobwera thumba analiika pansi pa dengu la nsomba zaziwisi. Msoko wanga sunasomphoke, zimenezo ndilembe. Koma khaki si pulasitiki. Madzi alowa.

Mpunga tauyanika pa mphasa. Nkhuku za oyandikana nawo zadya mbali ina pamene ndimasamba m'manja.

Mpunga watsala ngati magawo atatu a magawo anayi. Fungo lilipo, koma la patali.

Lachisanu

Titaswali Ijumaa kumzikiti ndawatsatira ashehe. Ndafotokoza: munthu wandipatsa chinthu, sindikumudziwa, sangapezeke, mtima wanga sukukhazikika.

Akuti chinthu chothandiza anthu ambiri chimene mwini wake wachisiya pa njira kuti aliyense atole ndi sadaka, chopereka chabwino koposa, ndipo amene sungamubwezere umamuchitira duwa, kumupempherera kwa Mulungu. Mawu abwino. Ndinatsala pang'ono kupepukidwa. Kenako afunsa kuti chinthucho n'chiyani.

Ndikadati pulogalamu. Ndinati bawo.

Abwera pakhonde ndi akuluakulu ena anayi. A Kandulu atseka wailesi, nawonso abwera. Ashehe apinda manja a mkanjo. Ine ndikuwasindikizira mabatani, iwo akuloza ndi chala. Yawadya kawiri. Akuti: "Ameneyu waphunzira kwa Aswahili."

Nthawi ya chakudya yakwana alendo ali pomwepo. Mayi a kunyumba atenga mpunga umene unali pafupi, wa pamphasa uja. Ndamva fungo la kilombero ndili pakati pa masewero, ndadziwa, koma munthu sungadzuke kukalanda poto alendo akuona. Onse ayamikira. Mmodzi akuti ukumveka kansomba chapatali, ndiye kukoma kwake.

Kenako kanthu kanga ka Lachiwiri katulukira poyera. Aliyense amadziwa kuti ukadya, nkhomo yako yomaliza n'kugwera m'nyumba, dzenje lako lalikulu lija, uli ndi ufulu: kuima, kapena kuitola nyumbayo n'kupitiriza. Kompyuta imafunsa bwinobwino, koma nthawi zina sifunsa, imangotola. Lero yatola nyumba ya ashehe.

"Yandigwetsera nyumba osandifunsa," atero ashehe, chala chili m'mwamba.

"Zaulere," atero a Kandulu, pakamwa pali mpunga wanga.

Ndachita manyazi ngati walakwa ndi m'bale wanga. Ndanena kuti ngakhale telala wabwino amadumphitsa ulusi. Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndimafunira.

Mpunga watsala theka la ndowa, mwina osafika.

Loweruka

A Mariamu abwera m'mawa, nkhani ya dzulo aimva kale kwa akulu awo. Akuti pali njira imodzi yofikira munthuyo: pamalo pamene anaika bawoyo pali polemba zimene zalakwika.

"Muwauze za nyumbayo, alamu. Kwawoko kuthokoza kwake n'kumeneko."

Ndakana. Mawu anga oyamba kwa munthu wondichitira zabwino akhale akuti walakwitsa? Akuti anthu amenewa amatsegula ntchito yawo dala kuti wina aone pamene padumpha. Akuti ukangoti zikomo amasangalala tsiku limodzi, ukawaonetsa cholakwika umathandiza aliyense amene adzasewere.

Ndapinda mpendero wonse wa siketi ndisanayankhe. Kenako ndatulutsa kope la miyezo.

Kuyambira Lachiwiri ndalemba nthawi iliyonse imene yachita zimenezi. Kasanu ndi kamodzi, kuwerengera ndi ka ashehe. Nthawi zonse ndi pamene nkhomo zimene wadya wayamba kuzifesa kuchokera kumanzere. Kuchokera kumanja sinalakwitsepo. Ndinajambulanso maenje ndi nkhomo zake mmene zinalili.

A Mariamu ayang'ana kope, ayang'ana ine. "Alamu, mukadapitiriza sukulu bwenzi tikukuopani."

Ndawauza zoti alembe, iwo azitembenuza m'Chingerezi. Ndayamba ndi moni, kufunsa za moyo wa kunyumba, za makolo ngati alipo, kupepesa chifukwa chomuvutitsa, mbiri ya mpunga, kupepesanso. Ndayankhula nthawi yaitali. Nditasuzumira ndaona mizere isanu basi, ndi chithunzi cha kope langa.

"Moni uja ali pati?"

"Sawerenga zimenezo."

Ndachonderera kuti aikemo zikomo, ngakhale mmodzi. Aika kumapeto. Atumiza ndisanakonzeke. Sizibwezeka, akutero.

Ponyamuka aima pafupi ndi thumba la khaki. "Kodi alamu, amene anakhala Lamulungu lonse pakhonde pano kukuikirani zimenezi, opanda ngakhale tiyi, keyala yawo inasowanso?"

Sabata yonse ndikusaka munthu wa kutali. Ndamangirira ndekha thumbalo, ndi mpunga wotsalawo, pa kabaza wawo. Akuti thumba sabweza, ndi lokongola.

Lamulungu

Mpunga palibe. Thumba palibe. Kalata yanga yeniyeni ili m'kope, yopanda mutu.

Cha m'ma teni a Mariamu aimba foni. Wopanga bawo uja wayankha. Andiwerengera pang'onopang'ono, ndawauza abwereze.

Akuti zikomo kwambiri. Akuti cholakwikacho wachipeza pamene ndinanena, kumanzere, ndipo wachikonza. Akuti bawo anaiphunzira powerenga, sanakhalepo pansi ndi munthu woidziwa kuyambira ubwana, ndipo chithunzi cha kope langa n'chomveka kuposa zambiri zimene amalandira. Akuti zikomo. Akufunsa ngati ndingalole kuti dzina langa alilembe pamodzi ndi ena amene anathandiza. Pomaliza, zikomonso.

Ndawerenga azikomowo ndi zala. Wanga mmodzi, wa kumapeto, wochita kupempha. Ake atatu.

Za dziko lake sananene. Kaya ndi bambo kaya ndi mayi, sindikudziwabe. Sanakwiye ngakhale pang'ono, ndipo n'zimene zikundisowetsa mtendere. Ndinapita kukamuuza kuti walakwitsa, iye wandilandira ngati ndamubweretsera mbuzi. Munthu wotere sungamuthe. Duwa ndamuchitira, dzina ndatchula ndi manambala ake omwe.

Ndavomereza. Sindidzamuthokoza mokwanira, ndipo iye sakudikira zimenezo.

Pansi pa kalata waika mafunso asanu ndi awiri a mmene timasewerera kuno, kuti aikemo bawo ya Chimalawi payokha. A Mariamu akuti palibe changu. Iwo angatero. Mawa ndili ndi madiresi anayi a chinkhoswe, ndipo mmodzi mwa eni ake wanenepa.

Funso lachinayi walifunsa molakwika. Ndiyambira pamenepo.